Chigamba cha m'mimba: mbiri ya kaukonde koteteza bala la opareshoni

Titamvera sewero la mayi uja amene anathamangira naye ku chipatala usiku matumbo atapotana, magulu ambiri omvera wailesi anatsutsana kwambiri. Mayiyo anachira ndipo bala linapola, koma patatha chaka pachipsera panatuluka chotupa chofewa chimene chinkakula akatsokomola kapena akasenza ndowa, n'kumalowa chokha akagona chagada. Amayi ena anati adokotala anaiwalamo kanthu m'mimba. Ena anati n'zaanthu. Ena, makamaka apongozi, anati anafulumira kugwira khasu. Koma funso limene linabwera kawirikawiri linali ili: kodi achipatala sangachitepo kanthu pa tsiku la opareshoni lomwelo kuti chotupa chotere chisadzabwere?

Angathe. Njira imodzi ndi kusokerera kaukonde kapulasitiki pakhoma la mimba asanatseke khungu. Madokotala amakatchula kuti meshi. Kaukondeka n'kakang'ono ngati mpango wa m'manja, koma panapita zaka zoposa 100 kuti kapezeke ndi kukhulupirika, ndipo madokotala amene ankakaopa anali ndi zifukwa zomveka.

Khoma la mimba

Amene munaonapo mbuzi ikutumbulidwa mukudziwa kuti mimba ili ndi magawo angapo. Pamwamba pali khungu, kenako mafuta, kenako minofu iwiri italiitali yochokera pachifuwa kukafika pachinena. Pakati pa minofu iwiriyi, pamzere wodutsa pamchombo, pali chikopa choyera cholimba ngati luzi. Chikopa chimenechi pamodzi ndi minofu ndizo zimasunga matumbo m'malo mwake. Khungu limangophimba basi.

Dokotala akafuna kulowa m'mimba mwamsanga amang'amba pamzere woyerawu, chifukwa sipatuluka magazi ambiri ndipo akalowera pamenepa amatha kufika paliponse. Vuto lili pa kupola kwake. Khungu limagwirana m'masiku 7 mpaka 10, pamene chikopa cham'kati chimatenga miyezi, ndiponso sichibwerera pamphamvu yake yonse yakale. Ulusi ukadula chikopacho, mbali ziwiri zija zimatalikirana mwakachetechete, khungu lili lopola bwinobwino pamwamba. Matumbo amapeza mpata n'kudzakhala kunsi kwa khungu. Chotupa chimenechi ndicho ku chipatala amati heniya ya pachipsera. Pa anthu 100 alionse ong'ambidwa pamzere wapakati, pakati pa 10 ndi 20 amadzakhala nayo, ndipo chiwerengero chimakwera ngati opareshoniyo inali yadzidzidzi.

M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ku Scarborough, ku England, anachita chinthu chochenjera. Potseka mimba ankaika tizitsulo ting'onoting'ono m'mbali zonse ziwiri za chikopa choyera chija, ndipo pakatha mwezi umodzi ankajambula wodwalayo pa ekisireyi. Anapeza kuti pafupifupi onse amene anadzakhala ndi heniya pambuyo pake, tizitsulo tawo tinali titatalikirana kale m'mwezi woyamba womwewo. Choncho chotupa chimene chaonekera patatha chaka chinayamba mayi akadali chigonere. Apongozi amene amaloza chala khasu aganizirepo pamenepa.

Masiku amene kung'amba mimba kunali imfa

Heniya ndi nthenda yakalekale. Zolemba za asing'anga a ku Iguputo za m'ma 1550 Yesu asanabadwe zimatchula chotupa cha pamimba chotuluka munthu akatsokomola. Koma heniya ya pachipsera ndi yatsopano, pakuti kale anthu ong'ambidwa mimba ambiri sankakhala ndi moyo mpaka kufika podandaula za chipsera.

Pa 25 December 1809, m'tauni ya Danville ku Kentucky, m'dziko la Amereka, dokotala Ephraim McDowell anang'amba mimba ya mayi Jane Todd Crawford. Anthu a kwawo ankayesa kuti mayiyu ali ndi pakati pa mapasa, koma chinali chotupa cha m'thumba la mazira cholemera pafupifupi makilogalamu 10. Anayenda pa kavalo mtunda wa makilomita oposa 90 kupita kwa dokotalayo, ndipo anang'ambidwa ali maso chifukwa mankhwala ogonetsa kunalibe. Anachira, nakhala ndi moyo zaka zina zoposa 30. Nkhani yake imakumbukiridwa chifukwa zotere sizinkachitikachitika.

Mankhwala ogonetsa anaonetsedwa poyera ku Boston mu 1846. Mu 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow analemba za kutsuka mabala, manja ndi zida ndi mankhwala opha tizilombo. Zinthu ziwirizi ndizo zinatsegula mimba kwa madokotala a ku Ulaya.

Komabe luso limeneli silinali la Azungu okha. Mu 1879 Mngelezi wina wophunzira udokotala, Robert Felkin, anaona ndi maso ake sing'anga wa ku Uganda akutulutsa mwana kudzera pamimba. Mayi anamwetsedwa mowa wa nthochi kuti asamve ululu kwambiri, ndipo sing'angayo anasamba m'manja ndi kutsuka mimba ndi mowa womwewo. Anang'amba kuchokera pamwamba pang'ono pa chinena kukwera mpaka kunsi kwa mchombo, naletsa magazi ndi chitsulo chamoto. Potseka anabaya tizitsulo 7 tosongoka m'mbali mwa bala n'kutimanga ndi chingwe cha khungwa la mtengo. Felkin analemba kuti pofika tsiku la 11 bala linali litapola, mayi ndi mwana ali bwino. Nkhani yake inathera pomwepo. Madokotala a ku Ulaya a nthawi imeneyo ankawerenganso chimodzimodzi: wodwala akatuluka wamoyo, khungu litagwirana, ntchito yatha.

Koma maopareshoni atachuluka, odwala anayamba kubwerera ndi zotupa pachipsera. Ulusi umene unkagwiritsidwa ntchito kwambiri unali wopangidwa ndi matumbo a nkhosa, ndipo unkatha mphamvu m'masabata owerengeka, chikopa chisanalimbe.

Amene anathandiza amayi koyamba anali Hermann Pfannenstiel, dokotala wa matenda a amayi ku Breslau. Mu 1900 analemba za kang'ambidwe kopingasa, m'munsi mwa mimba, pamwamba pang'ono pa chinena. Bala lotere silikokedwa kwambiri munthu akatsokomola, ndipo heniya imachepa zedi. Ndiko kung'amba kumene amayi ambiri obereka pa opareshoni ali nako lero. Koma pamene chiberekero chaphulika, magazi akutayikira m'kati, kapena dokotala sakudziwa chimene akachipeze, nthawi zambiri amabwerera pamzere wapakati womwe uja.

Kufunafuna chigamba

Telala aliyense amadziwa kuti nsalu yofooka siisokedwa pongokoka mbali ziwiri, imang'ambikanso pambali pa ulusi. Pamafunika chigamba. Madokotala anazindikira zimenezi kalekale. Akuti Theodor Billroth, katswiri wa maopareshoni wa ku Vienna, ananenapo kuti heniya idzagonja tsiku limene anthu adzathe kupanga chinthu cholimba ngati chikopa cham'kati. Iye anamwalira mu 1894 asanachione.

Mu 1900 madokotala a ku Germany, Oscar Witzel ndi Robert Goepel, anayesa ukonde wolukidwa ndi mawaya a siliva. Unkagwira poyamba, koma mimba ya munthu siikhala chete. Imapuma, imawerama, imaseka. Mawaya aja ankathyoka n'kumabaya wodwala, ndipo mabala ena ankangokha madzi osaleka. M'zaka za m'ma 1940 anayesa chitsulo china chotchedwa tantalum, nachonso chinkaphwanyika pakapita nthawi. Ena ankasenga chikopa pantchafu ya wodwala yemweyo n'kuchisokerera pamimba, koma apa munthu ankatsala ndi mabala awiri.

Chigamba chenicheni chinachokera ku mafakitale a mafuta. Francis Usher, dokotala wa ku Houston ku Texas, anamva za pulasitiki yatsopano yotchedwa Marlex, napempha kuti amulukire kaukonde. Anayamba kukayesa pa agalu, ndipo mu 1958 analemba zotsatira zake. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anasinthira ku pulasitiki ina, polypropylene, imene siiwonongeka ikaphikidwa m'makina ophera tizilombo. Mtundu wa pulasitiki umenewu mumaudziwa: ndi womwe amalukira matumba a feteleza ndi a chimanga, ngakhale kuti ulusi wa kuchipatala ndi wosalala ndi woyeretsedwa mwapadera. Mpaka lero timaukonde tambiri timapangidwa ndi pulasitiki imeneyi.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi kumata nkhokwe. Dothi lokha limagumuka, koma likalowa m'mipata ya nsungwi zoluka limagwira nji. Thupi nalo limameretsa mnofu watsopano m'mabowo a kaukonde, ndipo pakatha masabata angapo kaukonde ndi mnofu zimasanduka khoma limodzi. N'chifukwa chake sikachotsedwa ngati ulusi wa pakhungu. Kamakhala momwemo moyo wonse.

Chimene madokotala ankaopa

Kaukonde ndi mlendo m'thupi. Mulibe magazi, choncho sikangadziteteze kokha. Tizilombo tikabisala m'timipata tating'ono kwambiri ta ulusi wopota, asilikali a m'magazi amalephera kulowamo chifukwa ndi aakulu kuposa tizilomboto. Bala limatulutsa mafinya miyezi ndi miyezi, ndipo nthawi zina mankhwala ake n'kung'ambanso ndi kuchotsa kaukonde konse, kali komera kale mumnofu. Vuto lachiwiri linaoneka pamene kaukonde kanaikidwa mokhudzana ndi matumbo. Matumbo ankamatirira, ena n'kubooka, chimbudzi n'kumatulukira pabala. Dokotala amene anaonapo zimenezi kamodzi sankaiwala.

Choncho kwa zaka zambiri ophunzira udokotala ankaphunzitsidwa lamulo lokhwima: usaike pulasitiki m'mimba mmene matumbo atsegulidwa. Ndipo panali funso lina lovuta. Ngati pa odwala 100 ndi 20 okha amene adzakhale ndi heniya, n'chifukwa chiyani 80 enawo asenze chinthu chachilendo m'thupi mwawo?

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Opanga timaukonde anayamba kuluka ndi ulusi umodzi wosapota, mabowo n'kuwakulitsa kuti asilikali a m'magazi azidutsa. Madokotala anaphunzira kukaika pamwamba pa chikopa choyera kapena kuseri kwa minofu, kutali ndi matumbo. Kuyambira m'ma 1980, Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anafalitsa njira yokonzera heniya ya m'mphechepeche ya abambo pogwiritsa ntchito kaukonde, ndipo njirayi inafika pa dziko lonse.

Mu 2000 kunatuluka kafukufuku wa ku Netherlands amene anatsegula anthu maso. Anatenga odwala a heniya ya pachipsera, ena anawasoka ndi ulusi wokha, ena anawaikira kaukonde. Patatha zaka 3, heniya inabwereranso mwa 43 pa 100 alionse osokedwa ndi ulusi wokha, ndi mwa 24 pa 100 a kaukonde. Atawatsatira zaka 10, ziwerengero zinafika pa 63 ndi 32. Kaukonde kanapambana, inde. Koma taonaninso chiwerengero chachiwiricho. Ngakhale ndi kaukonde, munthu mmodzi mwa atatu alionse anabwerera ndi chotupa chake. Khoma likangogumuka kamodzi, kulimanganso n'kovuta. Apa m'pamene ambiri anayamba kuganiza zolimbitsa khomalo pa opareshoni yoyamba, lisanagumuke.

Kuyesa koyamba sikunayende bwino. Mu 1998 madokotala a ku Belgium analemba za odwala onenepa kwambiri amene anawaikira kaukonde kosungunuka m'thupi pakapita masabata. Heniya sinachepe. Kaukondeko kankatha msanga ngati ulusi wa matumbo a nkhosa uja. Ena atayesa ndi kaukonde kosasungunuka zotsatira zinasintha. Kafukufuku wamkulu wotchedwa PRIMA, amene anatuluka mu 2017, anatsatira odwala 480 a ku Netherlands, Germany ndi Austria amene anali pa chiopsezo chachikulu. Patatha zaka 2, heniya inapezeka mwa 30 pa 100 osokedwa ndi ulusi wokha, mwa 18 pa 100 amene kaukonde kanaikidwa kuseri kwa minofu, ndi mwa 13 pa 100 amene kanaikidwa pamwamba. Koma onsewa anali odwala a opareshoni yokonzekera, amene anabwera pa tsiku lopangana, atayezedwa ndi kusamba.

Singano isanafike pa chigamba

Pamene ena ankalimbana ndi kaukonde, ena ankayang'ana kasokedwe. Mu 1976 dokotala wa ku England, T. P. N. Jenkins, anaonetsa kuti mimba imatupa pambuyo pa opareshoni ndipo bala limatalika, choncho ulusi wosokedwa mothinana umadula chikopa. Iye anati ulusi uzikhala wautali kanayi kuposa balalo. Pambuyo pake madokotala a ku Sweden, motsogozedwa ndi Leif Israelsson, anatsutsa chizolowezi chobaya singano kutali ndi m'mphepete mwa bala. Anati ndi bwino kubaya pafupipafupi, moluma pang'onopang'ono, monga amachitira telala waluso.

Kafukufuku wotchedwa STITCH, wa ku Netherlands, anatsimikiza zimenezi mu 2015 pa odwala 560. Osokedwa motalikirana sentimita imodzi, 21 pa 100 anali ndi heniya patatha chaka. Osokedwa motalikirana theka la sentimita, anali 13 pa 100. Kusoka kwa pafupipafupiku kunkatenga mphindi 14 m'malo mwa 10. Mphindi 4 zokha.

Kwa ife kuno, nkhani ya singanoyi ndi yaikulu kuposa ya kaukonde. M'zipatala za maboma m'Malaŵi maopareshoni ambiri adzidzidzi amachitidwa ndi makiliniko ofesala, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1976, zaka 15 sukulu ya madokotala ya ku Blantyre isanatsegulidwe mu 1991. Kaukonde sikapezeka nthawi zonse, koma kasokedwe kabwino kamaphunzitsika, ndipo kamangofuna singano yaing'ono, ulusi wosatha msanga ndi kufatsa. Malangizo amene bungwe la European Hernia Society linatulutsa mu 2015 anatsata ndondomeko yomweyi: kupewa mzere wapakati ngati n'kotheka, kusoka pafupipafupi ndi ulusi wochedwa kusungunuka, ndipo kaukonde kuganiziridwa kwa odwala amene ali pa chiopsezo chachikulu.

Nanga opareshoni yadzidzidzi?

Apa ndiye panali pouma. Wodwala wadzidzidzi ndiye amene bala lake limalephera kwambiri, komanso ndiye amene madokotala ankaopa kwambiri kumuikira kaukonde.

Taganizani za odwala amene amafika m'zipatala zathu usiku: bambo amene matumbo apotana, mwana amene matumbo abooka ndi taifodi, munthu amene zilonda za m'mimba zaphulika, mayi amene pathupi panakhala mu chubu n'kuphulika. Ambiri amafika patapita masiku, atayamba ayesa zina kumudzi kapena atasowa choyendera. Magazi ndi ochepa, thupi lafooka, m'mimba muli mafinya, matumbo atupa moti potseka amachita kukankha khoma. Palibe nthawi yoti wodwala ayambe wasiya fodya, shuga wake atsike, kapena chifuwa chipole. Mwa odwala otere, ena bala lam'kati limaphulika akadali m'chipatala, kawirikawiri kumapeto kwa sabata yoyamba kapena kuchiyambi kwa yachiwiri, matumbo n'kuonekera panja. Imeneyi ndi ngozi imene imapha.

Madokotala a mumzinda wa São Paulo ku Brazil analimba mtima n'kuyesa. Mu 2020 analemba za odwala adzidzidzi 115 amene anali pa chiopsezo choti bala liphulika. Mwa 52 osokedwa ndi ulusi wokha, 7 bala lam'kati linatseguka. Mwa 63 oikiridwa kaukonde pamwamba pa chikopa, panalibe ndi mmodzi yemwe. Koma sanabise mbali inayo: a kaukonde amene anasonkhana madzi kunsi kwa khungu, ndi amene mabala awo a pakhungu anachedwa kupola, anali ochuluka kuposa a ulusi wokha.

Chaka chotsatira, mu 2021, madokotala a ku Italy anatulutsa kafukufuku wotchedwa PROMETHEUS. Anagawa odwala adzidzidzi 200 m'magulu awiri ofanana, ndipo gulu limodzi analiikira kaukonde kuseri kwa minofu. Patatha zaka 2, heniya inapezeka mwa odwala 21 a gulu la ulusi wokha ndi mwa 6 a gulu la kaukonde. Mantha akale aja oti mabala adzaola onse sanakwaniritsidwe.

Zotsatira zimenezi n'zolimbikitsa, koma tiziwerenge mofatsa. Magulu a odwalawa anali aang'ono, ndipo zaka 2 si zambiri pa chinthu chimene munthu adzakhale nacho mpaka kukalamba. Ndiponso odwala a ku Italy aja anali amene m'mimba mwawo munali mosada kwambiri. Mimba imene yadzaza chimbudzi ndi mafinya kwa masiku atatu ndi nkhani ina, ndipo dokotala amene wasankha kusaikamo pulasitiki m'mimba yotere si waulesi kapena wotsalira. Pali nthawi zina pamene ngakhale kutseka kumene amachita kudikira masiku angapo kuti matumbo aphwe.

Mtengo wake, ndi nkhani ya masikito

Kaukonde ka ku fakitale n'kodula. Dokotala wina wa kumudzi ku India, Ravindranath Tongaonkar, anaona kuti nsalu ya mtundu wina wa neti yotetezera udzudzu ikufanana kwambiri ndi kaukonde ka kuchipatala, ndipo mu 2003 iye ndi anzake analemba za odwala amene anawakonza ndi nsalu yotere. Anthu ambiri anakayika. Kenako madokotala a ku Uganda ndi a ku Sweden anayesa nkhaniyi mwadongosolo ku Kamuli, kum'mawa kwa Uganda, pa abambo 302 a heniya ya m'mphechepeche. Theka anawaikira kaukonde ka ku fakitale ka madola 125, theka linalo nsalu ya neti imene mtengo wake sunafike dola imodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2016: patatha chaka, heniya inabwerera mwa bambo mmodzi yekha wa gulu la neti, ndipo mavuto a pabala sanasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwo.

Amayi, tamvetsani bwino apa. Imeneyi si neti imene mumalandira ku sikelo. Neti ya ku sikelo ili ndi mankhwala opha udzudzu, ndipo malo ake ndi pamwamba pa mphasa kapena bedi pamene mumagona ndi mwana. Ya ku Uganda inali yopanda mankhwala, ya pulasitiki yodziwika mtundu wake, yochapidwa ndi kuphikidwa m'makina a kuchipatala pa madigiri 121. Komanso inayesedwa pa heniya ya abambo, pa opareshoni yokonzekera, pamalo oyera. Kafukufukuyu sanali wa mimba yong'ambidwa mwadzidzidzi. Chimene anaonetsa n'chakuti kudula kwa kaukonde sikuchokera pa pulasitiki yake.

Mayi amene akadaberekabe

Mbiri yonseyi inalembedwa kwambiri pa matupi a abambo ndi anthu achikulire. Mayi wa zaka 25 ali ndi nkhani yakeyake, chifukwa mimba yake idzafunika kutambasukanso. Kaukonde sikatambasuka ngati mnofu, ndipo amayi ena amene ali nako amamva kukoka ndi kupweteka m'miyezi yomaliza ya pakati. Mimba yatsopano ingathenso kutsegula pamene panakonzedwa. Pa chifukwa chimenechi, mayi akakhala ndi heniya yosavutitsa, madokotala ambiri amalangiza kuti adikire mpaka atamaliza kubereka. Ndipo pa opareshoni wamba yotulutsa mwana, yong'amba mopingasa, kaukonde koteteza sikaikidwa chifukwa heniya pamenepa ndi yosowa.

Ngati munachitidwapo opareshoni ya pamimba, funsani achipatala chimene anapeza, chimene anachita, ndiponso ngati anaikamo kaukonde. Zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mukadzayamba sikelo ya pakati pena muonetse anamwino pa ulendo woyamba. Dokotala amene adzang'ambenso mimba imeneyo ayenera kudziwiratu chimene akakumane nacho. Kambiranani nawonso za kulera, kuti chipsera cha chiberekero ndi cha khoma zipeze nthawi yolimba. Kawirikawiri amalangiza kudikira zaka 2.

Masabata 6 oyamba ndiwo ofunika kwambiri, monga tizitsulo ta ku Scarborough tinaonetsera. Kuyendayenda pang'ono kumathandiza, koma mtondo, ndowa yodzaza ndi mtolo wa nkhuni zidikire, ndipo apa abambo ndi achibale ndiwo ayenera kumva. Chifuwa chosatha chikayezedwe, pakuti kutsokomola kulikonse kumakoka ulusi. Mukamatsokomola gwirani pabala ndi manja kapena pilo. Idyani nyemba, nsomba, mazira, nsinjiro ndi masamba, ndipo imwani madzi okwanira kuti musadzimbidwe. Bala likafiira, likatentha, likatulutsa mafinya, kapena likayamba mwadzidzidzi kukha madzi ambiri ofiirira ngati otsukira nyama, bwererani ku chipatala tsiku lomwelo. Madzi ofiirirawa nthawi zambiri ndiwo amatsogola bala lam'kati likamatseguka.

Chotupa cha pachipsera chimene chimalowa mukagona si chothamangira usiku, koma kachionetseni, chifukwa sichipola chokha ndipo kumanga chitenje mothinitsa sikutseka bowo. Kutemera mphini pamenepo n'koopsa, popeza kunsi kwa khungulo kuli matumbo. Tsiku limene chotupacho chauma gwa, chikupweteka, chikukana kulowa, mukusanza, mimba yatupa ndipo simukutha kuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, matumbo akanirira pabowo ndipo magazi sakufikako. Akhoza kufa m'maola ochepa. Musachikankhe mwamphamvu, musadye kapena kumwa kanthu, pezani choyendera nthawi yomweyo ngakhale kuli usiku, ndipo buku lanu la kuchipatala mulitenge.